Mphini za Agogo ndi Singano za ku London

Amayi ako akuti tattoo ndi za azungu, kwathu kulibe. Iwe ukuti thupi ndi lako, zaka 18 wakwanitsa, palibe angakuletse. Nonse awiri mwalasa pambali. Komanso nkhani ya thupi la mtsikana kwathu sakamba ndi mayi womubala, chifukwa mayi sachedwa kupsa mtima. Imeneyi ndi ntchito ya gogo. Ndiye sendera kuno, mnzanga, foniyo iyambe yagona, ndikuuze za anthu amene magazi awo ali mwa iwe koma nkhope zawo sudazione.

Agogo anga, amayi awo a mayi anga, adabadwira kufupi ndi mtsinje wa Linthipe ku Dedza, azungu asanakhazikitse boma lawo mu 1891. Pamene ine ndinkayamba kuzindikira, iwo adali atakalamba kale, koma thupi lawo linkaonekabe kuti lidadutsa m'manja mwa mmisiri. Pamphumi padali mizere yaifupi yotsika kulunjika pamphuno. M'masaya mudali timadontho takuda, tondandalikana mofanana mbali zonse ziwiri. Pachifuwa, pamimba ndi kumsana padali mizere ina yopingasa, ina yokhota, ina yokumana pakati. Tikapita kumtsinje ankandipatsa mwala kuti ndiwatsuke kumsana, ndipo zala zanga zinkadumphadumpha pa tizipsera totukuka, tolimba, tosasiyana kukula kwake. Sindinkadabwa nazo ayi. Amayi onse a msinkhu wawo m'mudzimo adali ndi mphini, ndipo akakhala pamaliro kapena pamowa ankadziwa kuti za uje adatema ndi uje, za uje zidapola bwino, za uje dzanja lidanjenjemera.

Mphini sankatema aliyense. M'mudzi, kapena m'midzi iwiri itatu yoyandikana, munkakhala mayi mmodzi wa dzanja lodekha amene ankadziwika ndi ntchitoyi. Nthawi yake idali anthu atakolola, m'miyezi yozizira, nkhokwe zili tho ndipo bala silichedwa kuuma. Atsikana ankapita awiriawiri kapena atatu, m'mbandakucha, kuseri kwa nyumba kumene amuna safikako. Mtsikana ankagona pamphasa, mutu wake uli pamiyendo ya azakhali ake kapena ya phungu wake. Wotemayo ankanyamula khungu ndi munga kapena kambedza, n'kudula pamwamba pake ndi lumo la kwa wosula wa m'mudzi momwemo. Magazi akatuluka ankapukuta, n'kutikitira makala opera osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Makalawo ndiwo ankadetsa, ndipo kutikitako ndiko kunkachititsa kuti bala likapola litukuke. Ntchito yonse sinkatha tsiku limodzi. Chaka chino nkhope, chaka chamawa chifuwa, kenako mimba, mpaka mtsikana kufika pachinamwali ndi paukwati. Malipiro ake adali nkhuku, lichero la ufa kapena chingwe cha mikanda.

Ululu udalipo, ndisakunamize. Agogo ankati adawapatsa kamtengo koti alume, ndipo pomadzuka kamtengoko kadali katatafunika. Wolira mokweza anzake ankamuseka pamtondo mpaka mvula kugwa. Akuluakulu ankati wothawa lumo adzavutanso tsiku lobereka, choncho mtsikana ankangolimba mtima, misozi ikutsikira m'makutu.

Za pankhope zidali za aliyense woona. Za pansi pa nsalu zidali ndi mwini wake, ndipo zinkayendera limodzi ndi mikanda ya m'chiuno. Poti wakula, ukumva chimene ndikunena. Mkazi wopanda mphini anzake ankamunena kuti ndi woterera ngati mlamba, ndipo mawu amenewa ankawawa kuposa lumo. Uone tsono: masiku amenewo wochita manyazi adali wa thupi losalala.

Nkhope inkanenanso kwanu. Amayi a Chiyao ankadziwika ndi chipini pamphuno. Angoni ankaboola makutu. Amayi a Chimang'anja a kuchigwa cha Shire ankaboola mlomo wam'mwamba n'kuikamo pelele. Amakonde a kumpoto kwa Mozambique, amuna ndi akazi omwe, ankatema nkhope yonse mizere yakuda yokhotakhota. M'masiku a nkhondo ndi a ogula akapolo, pamene anthu ankabalalika n'kupezeka kutali ndi kwawo, mlendo asanatsegule pakamwa akuluakulu ankayamba amuyang'ana kumaso, n'kudziwa kumene wachokera.

Padalinso mphini za mtundu wina, zimene sizidathe mpaka lero. Taona apa pafupi ndi khutu langa, timizere tiwiri iti. Ndili mwana ndinkavutika ndi mutu waching'alang'ala, ndipo asing'anga adanditemera mankhwala. Amalume ako ali nazo pachifuwa chifukwa cha chibayo. Amuna ena ankatemera kuti akhwime, ena ponyamuka ulendo wa ku Joni kuti mgodi usawagwere. Izi sizidali zokongoletsa, zidali zoteteza. Ngakhale akulu ampingo ena amene lero akudzudzula achinyamata pa gome, atati avule malaya ungazipeze.

Nanga zokongoletsazo zidatha bwanji? Sizidathe ndi mfuti ayi. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa adafika ku Mvera mu 1889, n'kudzamanga ku Nkhoma mu 1896. Akatolika adakhazikika ku Mua mu 1902. Adabwera ndi sukulu, chipatala ndi kalasi ya ubatizo. Kwathu, kumene tidali pansi pa Nkhoma, wolowa kalasi ankauzidwa kusiya mowa, gule, mitala ndi zonse zotchedwa zachikunja, ndipo mphini zidaponyedwa m'dengu lomwelo. Aphunzitsi ankatsegula Levitiko 19:28, pamene Aisiraeli akuletsedwa kudzicheka ndi kudzilemba pathupi. Chinamwali cha anamkungwi chidalowedwa m'malo ndi chilangizo cha amayi a mumpingo, ndipo mayi wotema uja adakalamba wopanda womuphunzira.

Amayi anga adagwera pakati. Adali atatemedwa kale mizere iwiri pamphumi pamene adalowa kalasi, ndipo adalekera pomwepo. Kumudzi anzawo ankawaseka kuti ndi osamaliza, kutchalitchi anthu ankawayang'ana pamphumi asanawapatse moni. Moyo wawo wonse ankamanga duku motsitsa mpaka pansidze, ngakhale m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

Ife a m'badwo wotsatira sitidazifunenso n'komwe. Tinkafuna nkhope ya m'magazini, ya paudala ndi Ambi. Anyamata obwera kuchokera ku Salisbury ndi ku Joni, a njinga ndi wailesi, ankafuna mkazi wooneka wa m'tauni. Kamuzu Banda, amene adakhalapo dokotala ku Harlesden konkuno asanabwerere kumudzi mu 1958, ankakonda kunena za chikhalidwe ndipo magule ankavinidwa pamaso pake, koma mphini sizidabwerere. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidali lokulunga thupi la mkazi, kuletsa mathalauzi ndi masiketi aafupi. Ku Mozambique nako, boma la Frelimo litalowa mu 1975 silidakondwere ndi zizindikiro zosiyanitsa mitundu. Kenako idabwera Edzi, imene idapezeka ku Malawi mu 1985. Wailesi idayamba kuchenjeza za kubwerekana malezala, ndipo idanena zoona. Lumo limodzi la atsikana a mudzi wonse likadatimaliza.

Chimene kusukulu ya mishoni sadatiuze n'chakuti azungu nawonso ankadzilemba. Izi ndazitola konkuno, poyendayenda ndi Freedom Pass, chiphaso chija chimene ife nkhalamba za mu London timakwerera basi ulere.

Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mu 1774 sitima ina ya pa ulendo wa James Cook idafika kuno ndi mnyamata wa ku chilumba cha Raiatea, kufupi ndi Tahiti, dzina lake Mai, ena amati Omai. Adakaonana ndi Mfumu George III, olemera adamuitana m'nyumba zawo, ndipo katswiri Joshua Reynolds adamujambula atavala nsalu zoyera, zolemba za m'manja mwake zikuonekera. Mu 2023 National Portrait Gallery, mogwirizana ndi Getty ya ku America, idagula chithunzi chimenechi pa mtengo wa mapaundi 50 miliyoni. Ndidaima patsogolo pake ndikuganiza za agogo anga, amene palibe adawajambulapo ngakhale kamodzi.

Kuchoka pamenepo ukatsika ndi Whitehall ufika ku Westminster Abbey, kumene David Livingstone adaikidwa mu 1874. Iye adakwera mtsinje wa Shire mu 1859, ndipo m'buku limene lidasindikizidwa muno mu London mu 1865 adalemba za amayi a Chimang'anja ndi pelele wawo. Owerenga adagwira pakamwa kudabwa ndi anthu oboola matupi awo. Koma mu 1862, pakati pa zaka ziwirizi, mwana wa Mfumukazi Victoria, amene adadzakhala Mfumu Edward VII, adapita ku Jerusalem n'kukalembetsa mtanda pamkono pake. Mu 1881 ana awiri a Edwardyo ali pa ulendo wa sitima yankhondo adafika ku Japan, ndipo wamng'onoyo, George, adajambulitsa chinjoka pamkono. George ameneyu ndiye adalowa ufumu mu 1910, ndipo nkhope yake idali pa ndalama zimene agogo anga ankakhomera msonkho wa nyumba. Mkazi wa mphini, wonenedwa wachikunja, ankapereka msonkho kwa mfumu ya chinjoka pamkono, ndipo palibe adamuuza.

Pofika 1894 mkulu wina, Sutherland Macdonald, adali ndi chipinda chake pa Jermyn Street, m'dera la anthu olemera kufupi ndi Piccadilly. Ankalemba ndi makina amagetsi, ndipo mabwana ndi madona omwe ankamufuna. George Burchett, amene adamwalira mu 1953, adali ndi sitolo pa Waterloo Road pafupi ndi siteshoni ya sitima. Pampando wake padakhalapo mafumu a ku Spain ndi ku Denmark, komanso asilikali wamba opita kunkhondo, olembetsa maina a amayi awo ndi a zibwenzi zawo.

Komatu usaganize kuti kuno zinkalemekezedwa nthawi zonse. Mpaka 1871 msilikali wa Britain wothawa usilikali ankamudinda chilembo D m'nthiti, kuti kulikonse akavula adziwike. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu ambiri akaona tattoo ankaganiza za amalinyero, akaidi ndi anyamata ovuta. Mu 1969 nyumba ya malamulo idaletsa kulemba munthu wosakwana zaka 18, ndipo ndilo lamulo limene iwe ukunyadira nalo lero. Mu 1974 mayi wina wochokera ku Nigeria adazengedwa mlandu ku khoti la Old Bailey chifukwa chotema ana ake aamuna awiri m'masaya monga mwa mwambo wa kwawo. Adapezeka wolakwa, ngakhale adamumasula osamupatsa chilango. Mu 2012 akuluakulu a polisi ya Metropolitan adaletsa apolisi kukhala ndi tattoo kumaso, m'manja ndi pakhosi, ndipo patapita zaka zingapo adafewetsako lamulolo. Lero ukakwera sitima ya Tube nthawi yotentha, mikono ya anamwino, aphunzitsi ndi amabanki ili bii ndi zojambula, ndipo palibe amacheuka.

Wamva tsono mmene zayendera. Kudinda khungu kwa mwana wa mfumu kudali ulemu, kwa msilikali wothawa kudali chilango, kwa agogo anga kudali chikunja, kwa mayi wa ku Nigeria uja kudali mlandu. Woweruza amakhala amene ali ndi mphamvu pa nthawiyo, ndipo chiweruzo chake chimasintha msanga pamene chipsera chikadali pomwepo.

Choncho amayi ako akamati kwathu kulibe, akunena za kwathu kwa dzulo, kwa duku lotsitsa. Kwathu kwa dzana zidaliko, ndipo zidali ulemerero. Koma nawenso usadzinamize kuti tattoo yako ndi mphini. Mphini ankazigwirizana pabanja, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuziwerenga. Yako idzawerengedwa ndi anthu a mayiko awiri, aliyense mwa njira yake. Kumudzi lero ambiri akaona tattoo amaganiza za ndende, kapena za magulu a zigawenga a m'ndende za ku South Africa odzilemba manambala 26, 27 ndi 28. Ena amathamangira kunena za Satana. Achinyamata a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, poona osewera mpira ndi oimba, ayamba kulembetsa, koma ambiri amabisira makolo pansi pa malaya. Tsiku lina udzapita kumaliro kumudzi, udzapinda manja a bulauzi kuti uthandize kuvundula nsima, amayi a pamoto adzaona. Tsiku lina udzagwada pamaso pa apongozi. Walira mvula walira matope.

Ndipo amayi ako usawaone ngati ouma mtima. Adabwera kuno kudzagwira ntchito ya unamwino, usiku ndi usiku pa wodi, ndipo akudziwa mmene mtsikana wakuda amayang'anidwira asanayankhule. Mantha awo ndi akuti ungapatse anthu chifukwa china chokukanira pakhomo la ntchito. Dziko lasintha kuposa mmene iwo akuganizira, koma silinasinthe kufika pamene iwe ukuganizira.

Kwa makolo aja pali zimene ungatengeko, ngakhale lumo lawo lidachita dzimbiri. Yoyamba ndi nthawi. Mtsikana sankatemedwa ali wokwiya, kapena chifukwa mnyamata wamusiya, kapena kuti akhaulitse amake. Ankadikira nyengo yake. Iwe jambula chimene ukufunacho papepala, umate pagalasi, uzichiona m'mawa uliwonse mpaka chisanu cha kuno chidutse. Chikadzakhala chisanakutope, tidzakambanso.

Yachiwiri ndi dzanja. Wotema wa kumudzi sankafuna chikwangwani, ntchito yake inkayenda yokha pankhope za anthu. Kuno malo olembera ayenera kukhala ndi chilolezo cha khonsolo ya dera lawo, ndipo singano yatsopano atsegule iwe ukuona. Za mnzako wa kukoleji amene wagula makina pa intaneti n'kumalembera anthu kukhitchini, iwala. Wolembayo umufunse akuonetse ntchito yake pa anthu akuda ngati ife, yopola kale, osati yongotuluka kumene pa singano. Ena mwa ife khungu lathu limatupa chipsera, ndipo kutukuka kumene makolo ankakufunafuna ndi makala ndiko kumaononga chithunzi cha inki. Ngati poboola ndolo padakutupirapo, yamba waonana ndi dokotala. Kufufuta ndi laser kumawawa, kumadya ndalama maulendo ambiri, ndipo pa khungu lakuda kumatha kusiya mawanga oyera. Poti umapereka magazi, dziwa kuti a NHS adzakuuza kudikira miyezi 4. Safunsa adadya phula.

Yachitatu ndi mwini wake wa chithunzicho. Mizere ya Amaori a ku New Zealand ndi ya ku Samoa imene mumatola pa intaneti ili ndi eni ake, ndipo imanena za mabanja awo monga mphini zinkanenera za athu. Usasenze chiwongo cha eni. Dzina la mnyamata ndiye usayerekeze, chifukwa ngakhale agogo anga, amene adakhala pabanja limodzi mpaka imfa, sadalembe dzina la mwamuna pathupi pawo. Ngati ukufuna za kwanu, mizere ya kumsana kwa agogo ndikuikumbukira bwino. Undipatse pepala ndi pensulo ndikujambulire. Koma ukaisenza anthu adzakufunsa, ndipo uyenera kudzayankha osadodoma: mtsinje wake ndi uti, mudzi wake ndi uti, chiwongo chako ndi chiti, adali ndani mayi amene adayamba kuisenza. Kupanda kutero idzangokhala mizere.

Ine sindikukuletsa, sindikukutumanso. Ukaganiza zosiya, palibe adzakuseke pamtondo, masiku amenewo adapita. Ukaganiza zopita, amayi ako uwauze ndi pakamwa pako usanapite, asadzazionere pa Instagram. Ndipo usapite wekha, chifukwa mtsikana sankatemedwa popanda womugwira mutu. Udzangondiuza tsiku kuti ndichapiretu chitenje changa chatsopano. Za thiransipoti usadandaule, ine basi sindilipira.